Kalata yotseguka kwa oyendetsa ntchito za umoyo wa ana: "mudikire akule" akutichedwetsera ana

Olemekezeka akuluakulu a zipatala, oyang'anira sikelo ya ana, ndi nonse amene mumakonza ndondomeko ndi bajeti ya zaumoyo,

Takulemberani ife amene ntchito yathu ndi kuyeza ana aang'ono tsiku ndi tsiku: anamwino, madokotala a ana, oyeza makutu ndi maso, ophunzitsa ana kulankhula, ndi a fizo. Tikudandaulira mwana wosakwana zaka 5 amene mayi ake aona kuti china chake sichikuyenda. Akamuitana sacheuka. Wina amatseka makutu n'kulira modetsa nkhawa akamva phokoso limene anzake sakusamala nalo. Wina wafika miyezi 20 asanatchule liwu ndi limodzi lomwe. Mayi wotere akalimba mtima n'kunena, yankho limene amalandira kawirikawiri ndi lakuti, "Ana amasiyana, mayi, mudikire akule." Mwana wakwera sikelo, mzere wa kulemera uli bwino, katemera wakwana, basi abwerera kunyumba. Timadzamuonanso ali ndi zaka 5 kapena 6, aphunzitsi atatopa naye.

Wogwira ntchito amene wayankha choncho sitikumuimba mlandu wouma mtima. Pamzere pali ana ambiri, khadi limene wagwira lili ndi malo olembapo kulemera ndi katemera, ndipo palibe anamuuza chochita kholo likadandaula za kamvedwe, kapenyedwe kapena kalankhulidwe ka mwana. Chimene chikusowa ndi njira yolembedwa, yonena choyamba kuchita, chachiwiri, wochita wake ndi masiku ake. Njira imeneyo mukhoza kuikhazikitsa ndinu.

Zoti ana amasiyana n'zoona, koma kusiyanako kuli ndi malire, ndipo malirewo anayezedwa. Kafukufuku wa bungwe la zaumoyo padziko lonse la WHO wofalitsidwa mu 2006, amene anatsata ana athanzi ku Ghana, India, Norway, Oman ndi United States, anapeza kuti ana amayamba kukhala okha osagwiriridwa pakati pa miyezi 3.8 ndi 9.2, ndipo amayamba kuyenda okha pakati pa miyezi 8.2 ndi 17.6. Ena ochepa sakwawa n'komwe, amangoimirira n'kuyenda, ndipo palibe vuto. Choncho wa miyezi 14 amene sanayambe kuyenda akhoza kudikiridwa, koma wa miyezi 18 ayezedwe. Pa kulankhula malire odziwika ndi awa: pofika miyezi 12 mwana akhale akutulutsa timawu tobwereza monga "ba-ba" ndi "ma-ma" komanso akuloza kapena kubaibitsa, pofika miyezi 16 akhale ndi liwu limodzi lenileni, pofika miyezi 24 azilumikiza yekha mawu awiri, osangobwereza zimene wamva. Manambala amenewa apachikidwe pakhoma pamene pali sikelo.

Pali zolakwika ziwiri zimene zimachitika powerenga msinkhu. Choyamba n'kuiwala kuti mwana anabadwa masiku asanakwane. Wobadwa pa sabata 32 anafulumira ndi masabata 8, ndiye akakwana miyezi 6 timamuyerekeza ndi ana a miyezi 4, ndipo timachotsera chonchi mpaka atakwana zaka 2. Chachiwiri n'kupereka zifukwa zotonthoza. "Anyamata amachedwa kulankhula": amachedwerapo pang'ono, inde, koma osati mpaka kudumpha malire tatchulawa. "Akusokonezeka ndi zilankhulo ziwiri": mwana womva zilankhulo ziwiri sachedwa chifukwa cha zimenezo, ndipo powerenga mawu ake timaphatikiza a zilankhulo zonse.

Poyambira ndi funso limodzi limene lifunsidwe pa ulendo uliwonse wa kusikelo: "Kodi pali chimene chikukudetsani nkhawa pa mmene mwanayu akumvera, kuonera, kuyendera, kulankhulira kapena kusewerera?" Yankho lilembedwe m'mawu a kholo lenilenilo. "Amamva galimoto ikubwera patali koma dzina lake sayankha" ndi chiganizo chothandiza dokotala kuposa "akuchedwa kukula". Kenako mbiri. Anabadwa pa sabata zingati, analira atangobadwa, anagonekedwa m'chipinda cha makanda odwala masiku angati, anachita chikasu champhamvu, anadwalapo matenda oumitsa khosi kapena malungo ofika ku ubongo, analandirapo jakisoni wa mankhwala opha tizilombo a gentamicin, anakomokapo, m'banjamo muli wina amene anabadwa wosamva? Mutu uyezedwe ndi tepi yosatanuka, yodutsa pamwamba pa nsidze ndi pamalo potuluka kwambiri kunkhongo, ndipo nambalayo iikidwe pa tchati. Nambala imodzi yokha siinena zambiri. Chimene timayang'ana ndi mzere ukakwera kapena kutsika modumpha mizere ina. Makolo amene ali ndi foni auzidwe kujambula kavidiyo ka mphindi imodzi ka chimene chikuwadetsa nkhawacho, poti mwana akalowa m'chipinda cha dokotala nthawi zambiri sachita zimene amachita kunyumba.

Mwana aliyense wochedwa kulankhula, wosacheuka akaitanidwa, kapena wokayikiridwa kuti ali ndi autism (vuto la kakulidwe lokhudza kulumikizana ndi kucheza ndi anthu), ayambe wayezedwa makutu ndi chipangizo. Pamenepa tikhalitsapo chifukwa ndi pamene ana ambiri amatayikira. Chimene chimachitika m'zipinda zambiri n'chakuti namwino amaima kumbuyo kwa mwana n'kuomba m'manja, mwana acheuka, alemba kuti akumva. Kuomba m'manja ndi phokoso lalikulu kwambiri moti ngakhale mwana amene sangamve mawu olankhulidwa amalimva. Komanso mwana wosamva amakhala tcheru ndi maso: waona chithunzithunzi cha manja pakhoma, wamva kamphepo pakhosi, waona nkhope ya mayi ake ikusintha. Wacheuka, koma sanamve. Ndipo ngati khutu limodzi lokha ndi limene silimva, kuomba m'manja sikungasonyeze chilichonse.

Pa makanda 1,000 obadwa, 1 mpaka 3 amakhala ndi vuto losatha la kumva. Muyezo umene mayiko ambiri amatsata umatchedwa 1-3-6: khanda liyezedwe lisanakwane mwezi umodzi, vuto litsimikizidwe lisanakwane miyezi 3, thandizo liyambe lisanakwane miyezi 6. Kuyeza koyamba kumachitika ndi makina a OAE. Kachitsekero kofewa kamalowetsedwa m'khutu khanda lili mtulo, makina amatumiza timaphokoso n'kumvetsera ngati khutu lamkati likuyankha, ndipo zimatenga mphindi zochepa. Khanda likalephera sizitanthauza kuti ndi logontha. Tsiku loyamba m'khutu mumakhala madzi ndi zoyera zobadwa nazo, chipinda chikhoza kukhala ndi phokoso, kachitsekero kakhoza kukhala kosakwana bwino. Liyezedwenso patapita masabata ochepa, ndipo likalepheranso lipite ku ABR, kumene amamata timawaya pamutu n'kuona ngati uthenga ukudutsa mumtsempha kufika ku ubongo. Makanda amene anachita chikasu champhamvu kapena anagonekedwa masiku oposa 5 m'chipinda cha odwala kwambiri apite ku ABR ngakhale OAE itati ali bwino, chifukwa mwa iwo khutu lamkati likhoza kuyankha pamene mtsempha sukunyamula mawu moyenera.

Kupambana mayeso pobadwa sikutseka nkhani. Kachilombo ka CMV kamene mwana watengera m'mimba kakhoza kumugonthetsa patapita miyezi kapena zaka. Mwana amene wachira matenda oumitsa khosi ayezedwe makutu asanatuluke m'chipatala kapena m'masabata ochepa otsatira, popeza khutu lamkati likhoza kuyamba kuuma n'kukhala fupa, ndipo zikatero njira zina zothandizira zimavuta. Palinso madzi omata amene amadzadza kuseri kwa nembanemba ya khutu popanda ululu kapena mafinya otuluka. Mwana wotere sabata ino akumva, sabata yamawa sakumva, ndipo kunyumba amatchedwa wamwano. Makina a tympanometer amaonetsa zimenezi m'masekondi ochepa. Nthawi zambiri madziwo amauma okha, ndiye timayezanso pakatha miyezi 3. Kudikira kotereku n'kololeka chifukwa kuli ndi tsiku lobwerera lolembedwa. Kuyambira miyezi 6 mwana amayezedwa pomuphunzitsa kucheukira kachidole koyaka akamva mawu, ndipo akayandikira zaka 3 amayezedwa mwa masewera, kuponya kanthu m'bokosi nthawi iliyonse akamva kulira.

Za maso n'zachidule koma zosazengereza. M'chipinda cha mdima pang'ono, woyeza amaunika maso onse awiri ndi katochi koyezera maso kotchedwa ophthalmoscope ataima kutali ngati mkono umodzi. Maso abwino amabweza kuwala kofiirira kofanana mbali zonse. Mwana wa diso akaoneka woyera, ikhoza kukhala ng'ala yobadwa nayo, imene imafuna opaleshoni m'masabata oyambirira a moyo kuti ubongo uphunzire kuona, kapena khansa ya m'diso yotchedwa retinoblastoma. Mwana wotere aonedwe ndi dokotala wa maso sabata yomweyo. Kholo likanena kuti linaona choyera m'diso pa chithunzi chojambulidwa ndi fulashi, likhulupiriridwe. Diso lothawira mkati kapena kunja nthawi zonse, pa msinkhu uliwonse, kapena lothawa mwa apo ndi apo mwana atapitirira miyezi 6, litumizidwenso.

Tibwere ku nkhani imene makolo amavutika kuifotokoza, ndipo ogwira ntchito amaiyesa kupulupudza: mmene mwana amalandirira zomukhudza. Kuwonjezera pa kuona, kumva, kununkhiza, kulawa ndi kukhudza, thupi lili ndi njira zina zodziwira zinthu. Mkati mwa khutu muli tiziwalo touza ubongo ngati mutu wapendekeka kapena ukuzungulira. M'minofu ndi molumikizana mafupa muli timitsempha touza ubongo pamene mkono uli ndi mphamvu imene ukugwiritsa ntchito. Palinso zomveka mkati monga njala, ludzu ndi mkodzo. Ubongo umasefa zonsezi, zina n'kuzikweza, zina n'kuzitsitsa. Kwa ana ena sefayo imadutsitsa zambiri. Kumumeta tsitsi ndi nkhondo ya anthu atatu, kumuwenga zikhadabo amakuwa ngati akudulidwa chala, kansalu kolembedwa ka pakhosi pa malaya kamamusowetsa mtendere tsiku lonse, sapondetsa phazi pamchenga, chakudya chokhala ndi mibulu chimamuchititsa nseru chisanafike n'kukhosi komwe. Kwa ena sefayo imatsekereza. Wagwa n'kung'ambika bondo osalira, wagwira chotentha osachotsa dzanja msanga, thewera lanyowa iye osadziwa. Ena amafunafuna: kuzungulira osachita chizungulire, kudzigunditsa kukhoma, kuyenda monyang'ama, kununkhiza chilichonse, kuyang'anitsitsa gudumu likuzungulira. Mwana mmodzi akhoza kukhala ndi mitundu yonseyi, phokoso n'kumamupweteka koma bala osalimva.

Apa tikupemphani kusamala mbali ziwiri. Zimene mwanayu akumva n'zenizeni, ndipo kumumenya kapena kumukakamiza kumangowonjezera mantha. Koma vuto la kalandiridwe ka zomukhudza silinavomerezedwe ngati matenda oima paokha m'buku la DSM-5 la 2013, limene madokotala amatsata potchula matenda a m'maganizo ndi a kakulidwe. Linaikidwamo ngati chimodzi mwa zizindikiro za autism. Mu 2012 bungwe la madokotala a ana la American Academy of Pediatrics linalangiza kuti dzina limeneli lisaperekedwe palokha, koma mwana ayezedwe mokwanira kuti pena pasabisale vuto lina. Zizindikiro zimenezi zimapezekanso mwa ana a ADHD (vuto losakhazikika ndi losatha kuika chidwi pa chinthu chimodzi), ana ankhawa, obadwa masiku asanakwane, ngakhalenso mwa ana ena amene akukula bwinobwino. Choopsa n'chakuti banja lipatsidwe dzina lomveka bwinolo, liyambe kulipira maulendo a thandizo la masewera a pa katungwe kwa chaka chathunthu, pamene palibe anayeza makutu kapena kufunsa ngati mwanayo amaloza chinthu pofuna kuonetsa mayi ake.

Ndipo musanatchule dzina lililonse, funani ululu. Mwana wosalankhula amene wayamba mwadzidzidzi kudzimenyetsa mutu kapena kudziluma ayang'anidwe m'makutu, m'kamwa ndi pamimba. Khutu lotupa, dzino lobooka, kudzimbidwa ndi zoyabwa pakhungu zimasandutsa mwana wofatsa kukhala wina, ndipo zonsezi zimachizika. Wokana zakudya afunsidwe ngati amatsokomola kapena kutsamwa pomeza, ngati mawu ake amamveka onyowa akamwa, ngati wadwala chibayo kangapo. Zikakhala choncho vuto ndi kumeza, chakudya chikulowera kumapapo, ndipo malangizo oti "mumukakamize azolowere" akhoza kumupha. Wodya dothi, mapepala kapena penti ayezedwe magazi kuona ayironi, ndipo kumene kuli kotheka, mtovu.

Muyezo wosavuta wodziwira ngati zafika pofuna katswiri ndi uwu: kodi zikumulepheretsa kudya, kugona, kuvala, kusamba, kusewera ndi anzake kapena kukhala m'kalasi? Kholo lipatsidwe pepala la mizere inayi kuti lilembe kwa masabata awiri: chinachitika n'chiyani zisanayambe, mwana anachita chiyani, zinatenga mphindi zingati, chinamukhazika mtima pansi n'chiyani. Pepala lotere limavumbula zimene kukumbukira sikungavumbule, monga kuti kulira konseko kumabwera madzulo mwana atatopa, kapena nthawi iliyonse makina ena akalira. Occupational therapist, katswiri wothandiza mwana pa zochita za tsiku ndi tsiku, amayambira pamenepo. Thandizo lake likhale ndi cholinga chooneka, monga kuti pakatha masabata 8 mwana alole kutsukidwa mano kwa mphindi imodzi, ndipo ngati palibe kusintha njirayo iunikidwenso. Mabulangete olemera amene amagulitsidwa ngati otonthoza asafunditsidwe khanda kapena mwana amene sangathe kudzivundukula yekha.

Kuyeza ndi mafunso okonzedwa kale kumagwira ana amene diso lokha likadawaphonya. American Academy of Pediatrics imalangiza kuyeza kakulidwe konse pa miyezi 9, 18 ndi 30, ndi kuyeza autism pa miyezi 18 ndi 24. Masiku amenewa n'kosavuta kuwamangiriza ku maulendo a katemera amene alipo kale. Pa autism, imene WHO mu 2023 inkayerekeza kuti imapezeka mwa mwana pafupifupi 1 pa 100, mafunso ofala ndi a M-CHAT-R/F: alipo 20, oyankha inde kapena ayi, a ana a miyezi 16 mpaka 30. Mapointi 0 mpaka 2 ndi chiopsezo chochepa. Pa 3 mpaka 7 pamafunika gawo lachiwiri, kufunsanso mozama mafunso amene mwana walephera. Pa 8 kupita m'mwamba mwana atumizidwe nthawi yomweyo. Zolakwika zake timazidziwa. Mafunso nambala 2, 5 ndi 12 amawerengedwa mozondoka, "inde" ndiye chizindikiro, ndipo wosaphunzitsidwa amasokoneza. Gawo lachiwiri lija limadumphidwa chifukwa cha nthawi, zotsatira zake ana ambiri opanda vuto amadzaza mzere wa katswiri. Mafunso omasuliridwa pompopompo ndi aliyense amene ali pantchito tsikulo amasintha tanthauzo. "Kuloza pofuna chinthu" ndi "kuloza pofuna kuonetsa" ndi mafunso awiri osiyana, ndipo lachiwirilo ndi limene limanena zambiri. Lamulani kumasulira kumodzi koyesedwa, ndipo kholo losadziwa kuwerenga liwerengeredwe pamalo poduka mphepo. Mapointiwa sapereka dzina la matenda, ndipo mapointi otsika safafaniza nkhawa ya kholo kapena ya namwino.

Tingonenapo pang'ono: zizindikiro za autism zimayamba kuoneka pa msinkhu womwe ana amalandira katemera wina, choncho makolo ena amalumikiza ziwirizi. Lipoti la 1998 limene linayambitsa mphekesera imeneyi linachotsedwa ndi magazini ya The Lancet mu 2010, ndipo kafukufuku wamkulu wotsatira sanapeze kugwirizana kulikonse. Wogwira ntchito aliyense akhale wokonzeka kufotokoza zimenezi modekha.

Pali ana amene sayenera kuikidwa pamzere wamba. Mwana amene wataya luso limene anali nalo, mawu, kuyenda, kugwira zinthu kapena kumwetulira anthu, pa msinkhu uliwonse, aonedwe ndi dokotala wa ana m'masiku ochepa. Khanda, makamaka la miyezi 3 mpaka 12, limene limagwetsa mutu mwadzidzidzi, manja n'kutambasuka kapena kupindika, kwa sekondi imodzi kapena ziwiri, mobwerezabwereza kangapo motsatizana, makamaka likangodzuka, likhoza kukhala ndi mtundu wa khunyu wotchedwa infantile spasms. Anthu amauyesa kudzidzimuka kapena kupweteka kwa m'mimba, ndipo sabata iliyonse yochedwa imawononga ubongo. Pamafunika EEG, kuyeza mmene ubongo ukugwirira ntchito, ndi mankhwala mwachangu. Mutu wokula mothamanga, liwombo lotukuka ndi maso oyang'ana pansi ndi zizindikiro za madzi ochuluka m'mutu. Khanda logona kwambiri, lodzimbidwa, la chikasu chosatha ndi lilime lalikulu liyezedwe magazi a TSH, chifukwa chithokomiro chosagwira ntchito chimachizika ndi piritsi la tsiku ndi tsiku, koma nzeru zimatetezeka ngati layamba m'masabata oyambirira. Mwana wogwiritsa ntchito dzanja limodzi lokha asanakwane miyezi 12 asayamikiridwe kuti ndi wamanzere kapena wamanja. Dzanja linalo likhoza kukhala lofooka, chizindikiro cha cerebral palsy (kulumala kochokera ku ubongo wovulala), monganso nkhonya yofumbatabe pambuyo pa miyezi 4 ndi miyendo youma yopingasana. Mnyamata wosayenda pa miyezi 18, kapena wodzuka pansi mogwira maondo ndi ntchafu zake, ayezedwe magazi a CK kufufuza matenda a minofu a Duchenne.

Kalata yotumizira mwana kwa katswiri ikalembedwa, ambiri amaganiza kuti ntchito yatha. Ana amatayika pomwepo. Kalata imangoti "kuchedwa kukula, chonde onani", banja lifika tsiku limene katswiri kulibe, liuzidwa kubwera mwezi wamawa, mwezi wamawa oyeza makutu ali tsiku lina, ndipo ulendo wachitatu banjalo silibweranso. Amene anatumiza samva chilichonse. Tikupempha kaundula mmodzi pa chipatala chilichonse, wolembamo dzina la mwana, tsiku lotumizidwa, tsiku loonedwa ndi zotsatira, ndi munthu mmodzi wodziwika amene amautsegula sabata iliyonse n'kufunafuna amene sanafike. Kalatayo inene zimene kholo laona, mbiri ya kubadwa, muyezo wa mutu, zotsatira za makutu ndi maso, ndi mapointi a mafunso. Katswiri abweze yankho lolembedwa. Ikani malire a nthawi yodikira. Malangizo a bungwe la zaumoyo la NICE la ku England amati kuyeza autism kuyambe pasanathe miyezi 3 chitumizireni. Ndipo akatswiri a makutu, a kulankhula, a fizo ndi dokotala wa ana akhale ndi tsiku limodzi logwirira limodzi, kuti banja liyende kamodzi.

Kuyeza kwenikweni sikutheka m'mphindi 10. Pamafunika kucheza ndi kholo mofatsa, kuona mwana akusewera pansi ndi zidole, kumuyeza thupi lonse kuphatikizapo khungu ndi mitsempha, ndi kumva kwa amene amamusamala masana kapena aphunzitsi a kumkaka. Mayeso a kakulidwe ngati a Bayley, a ana ofika miyezi 42, amafuna woyeza wophunzitsidwa ndi mwana wokhuta, wogona mokwanira, woyankhulidwa m'chilankhulo cha kwawo. Mwana amene phokoso limamupweteka akakhala maola 4 pabenchi pakati pa makanda olira, pofika kwa dokotala amakhala atatheratu, ndipo zimene zilembedwe ndi kutopa kwake. Ana otere apatsidwe nthawi yoyamba m'mawa kapena pakona yabata yodikirira. Woyeza asayambe ndi kumugwira. Akhale pansi, amusiye ayendeyende, zoopsa ngati kuunika m'khutu zibwere pomaliza. Katswiri wozolowera amatha kutsimikiza autism mwana ali ndi zaka 2. Pamene chithunzi sichinaoneke bwino, alembe zimene mwana akuvutika nazo ndi tsiku lomuonanso.

Thandizo lisadikire dzina la matenda. Mwana wochedwa kulankhula amapindula lero lomwe kholo likaphunzitsidwa kukhala moyang'anana naye, kutsata chimene iye akuchita nacho chidwi, kutchula liwu limodzi n'kudikira masekondi angapo kuti ayankhe, ndi kuchepetsa nthawi ya pa foni ndi TV. WHO inakonza maphunziro a makolo otchedwa Caregiver Skills Training, a mabanja a ana a zaka 2 mpaka 9: misonkhano 9 ya pagulu ndi maulendo 3 a kunyumba, yophunzitsidwa ndi anthu amene si akatswiri koma akuyang'aniridwa, ndipo mwana safunika kukhala ndi dzina la matenda kuti alowe. Mwana wosamva apatsidwe zothandizira kumva pamodzi ndi chilankhulo cha manja msanga. Manja samulepheretsa kuphunzira mawu, amamupatsa chilankhulo pa zaka zimene ubongo ukuchifuna kwambiri. Pouza makolo zotsatira, onse awiri akhalepo ngati n'kotheka, pamalo pa okha, ndipo mawu oti palibe amene analakwitsa anenedwe momveka, chifukwa mayi ndi amene amasenzetsedwa mlandu akafika kunyumba. Apite ndi pepala lolembedwa m'chilankhulo chawo, lonena zinthu ziwiri kapena zitatu zoti ayambe kuchita.

Pangano la United Nations la ufulu wa anthu olumala la 2006, pa ndime 25, limatchula kuzindikira msanga ndi kuthandiza msanga ngati udindo wa maboma amene analivomereza. Kuti mudziwe ngati zikuchitika, onjezerani pa lipoti la mwezi ndi mwezi manambala asanu: ana oyezedwa kakulidwe, otumizidwa, ofikadi, masiku amene anadikira, ndi msinkhu umene vuto linatsimikizidwa. Nambala ya oyezedwa yokha imasangalatsa pamsonkhano koma imabisa amene anathera panjira.

Pa bajeti, zambiri mwa zofunikazi n'zazing'ono: tepi yoyezera mutu, matchati, otoscope (katochi kounikira m'khutu) ndi ophthalmoscope pa chipinda chilichonse choonera ana, bokosi la zidole zotsukika, ndi mapepala a mafunso osatha pakati pa chaka. Makina a OAE ndi tympanometer akagulidwa kapena kulandiridwa ngati mphatso, lembani pomwepo ndalama za tizitsekero ta m'khutu ta misinkhu yosiyanasiyana, mabatire, kachingwe kapadera kosinthira, ndi kuwongola muyezo wa makinawo kamodzi pa chaka. Makina ambiri otere amagona m'kabati ali amoyo, chosowa ndi tizitsekero tokha. Pa chipatala chilichonse paphunzitsidwe anthu osachepera awiri, kuti mmodzi akasamutsidwa kapena akapita kutchuthi kuyeza kusaime, ndipo woyang'anira akabwera akhale pansi aone mwana mmodzi akuyezedwa kuyambira pa funso loyamba mpaka pa kalata yotumizira.

Ndife anu mu utumiki wa ana,

Anamwino, madokotala ndi akatswiri oyeza kakulidwe ka ana aang'ono